Fupa Lakufa mu Mwendo wa a Rakele

Mwendo wa a Rakele unathyoka iwo ali chiimire. Sanagwe mumtengo, sanagundidwe ndi njinga yamoto, ngakhale kupunthwa sanapunthwe. Unali mmawa wa tsiku la msika ku Kasakula, atasenza dengu la miphika youmba okha, ndipo ankangodumpha kangalande ka kuseri kwa nyumba yawo. Mwana wawo Kezia, mtsikana wamkulu ndithu, ankabwera pambuyo atanyamula mitsuko, ndipo anamva thyo ngati nkhuni youma. Amayi akewo anakhala pansi pang'onopang'ono n'kutula dengu lija bwinobwino. Atakweza chitenje, onse awiri anaona msongolo wakumanzere utapindika pakati penipeni, phazi litayang'ana kumbali.

"Kezia," anatero motsitsa mawu, "kodi mwendowu ndi wanga?"

Kezia anayang'anitsitsa phazi lija. Anangoti kakasi, mitsuko idakali m'manja.

Mwendo umenewu anthu a m'mapiri amenewo ankaudziwa kale. Unali ndi chilonda chosapola kuyambira a Rakele ali kamtsikana ka sitandade 3 pasukulu ya mishoni. Tsiku lina anabwera kunyumba thupi likutentha, msongolo utatupa, osatheka kupondera. Patapita masabata chotupacho chinaphulika n'kutuluka mafinya. Kutentha thupi kunatha, koma kabowo kanatsala. Mayi wake, a Margareta, anapita naye kuchipatala chaching'ono, kumene anapatsidwa mapilitsi n'kuuzidwa kuti apite kuboma akajambule mwendowo. Inali nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza, ndipo ulendowo unangozengerezeka.

Ndiye tsiku lina, a Margareta akutsuka chilondacho ndi madzi ofunda, pabowo paja panasuzumira kanthu koyera. Atakakoka ndi zikhadabo anapeza kuti ndi kafupa, kosongoka ngati munga. Anakatayira uko n'kuthamangira kwa anzawo, manja ali kumutu. Tsiku lomwelo mudzi wonse unadziwa kuti m'mwendo wa mwana mukutuluka mafupa.

Sing'anga amene anapitako sanavutike kufufuza. Anati mafupawo akuwaika ndi munthu wa magazi awo omwe, amene zake zayamba kumuyendera. Chaka chimenecho mchimwene wa a Margareta, a Elifala, fodya anawachitira bwino. Anagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo, nyumba anafolera malata. Anali mkulu wa mpingo, ndiponso ndi amene ankakweza Rakele panjinga popita kusukulu. Mwanayo atadwala, iwo ndi amene ankakakamira kuti amunyamule pangolo mpaka kumsewu, akakwere galimoto ya kuboma. Kukakamirako ndi kumene kunawapachika. Anthu anati akufuna akamumalizire kunjira.

Abale anasonkhana, mawu oipa ananenedwa, ndipo pasanapite nthawi chigafa cha a Elifala chinapsa ndi fodya yense, woyatsa osadziwika. A Elifala anamanga katundu n'kupita kwawo kwa akazi awo ku Bowe, m'boma la Dowa. Pochoka anaima pakhomo pa mlongo wawo n'kuitana mwanayo dzina. A Margareta anamutsekera kuchipinda. Rakele anakula akumva mtima kugunda akangotchulidwa atsibweni akewo.

Sukulu anasiya chifukwa anzake ankagwira mphuno akakhala nawo pafupi. Anaphunzira kuumba, popeza ndi ntchito yogwira munthu atakhala pansi, ali yekha, mwendo atautambasula. Dongo ankakakumba kudambo, ndipo miphika yake inatchuka kuti siing'aluka pamoto. Banja analowa, koma mwamunayo anangokhala mpaka Kezia atayamba kuyenda, kenako anati akukafuna ntchito kumaesiteti a ku Kasungu, ulendo wake unali womwewo. Chilonda chinkatseka miyezi ingapo, n'kutsegukanso mvula ikayamba. A Rakele ankachitsuka ndi madzi a mchere n'kumangapo nsanza yoyera, chitenje n'kuchitsitsa mpaka kuphazi. Kumisonkhano ya amayi a chigwirizano ankakhala pafupi ndi zenera. Kafupa kakatuluka ankakakwirira kumunda osauza munthu, mumtima akuti atsibweni aja sanawaiwalebe. Zinayenda choncho zaka zopitirira makumi atatu, mpaka mmawa wa tsiku la msika uja.

Anthu anawanyamula pachitseko kutsika nawo phiri mpaka kumsewu, ndipo galimoto yonyamula chimanga inakawasiya kuchipatala cha kuboma. Kezia anapita nawo kuti azikawadikirira. Amene anawaona anali dokotala wa mafupa, mayi wamng'ono msinkhu wolankhula modekha. Atamasula nsanza ija, fungo linadzaza chipinda. Dokotalayo anayang'ana bowolo nthawi yaitali.

"Mayi, chilondachi chinayamba liti?"

"Ndili mwana."

"Mwana wamng'ono bwanji?"

"Ndisanathe n'komwe msinkhu."

Dokotala anaika pansi magolovesi amene amafuna kusintha, n'kuwayang'ana kumaso. "Ndipo mwendowu sunajambulidwepo?"

"Ayi. Ankati si za kuchipatala."

Atajambula, dokotala anabweretsa chithunzi n'kuchiimika pazenera kuti kuwala kudutse. Pamene panathyoka pankaoneka bwinobwino. Koma iye analoza china, chinthu choyera chachitali chimene chinagona mkati mwa fupa ngati mtsitsi wa pakati pa chinangwa.

"Ili ndi fupa lakufa," anatero. "Linafa kalekale, nthawi imene munatentha thupi ija. Thupi lanu linamanga fupa lina kunja, kulikuta, ndipo ndi limene mwakhala mukuyendera. Koma mkatimu mafinya sanasiye kulidya. Lero latopa."

"Linafa ndi chiyani?" anafunsa Kezia.

"Tizilombo. Timalowa m'magazi, mwina kudzera pakachilonda kakang'ono, n'kukakhala m'fupa. Zimachitikira ana ambiri. Kuwodi ya ana uko tili nawo angapo pakali pano. Akabwera msanga timawapatsa mankhwala, mwina kuchotsa mafinya, amachira n'kubwerera kusukulu."

A Rakele, amene ululu unali utawafoola, anadzuka n'kutsamira chigongono. "Nanga timafupa tinkatuluka tija, ankaikamo ndani?"

"Palibe ankaikamo. Ndi tanu tomwe. Tinkabenthuka ku fupa lakufali, thupi n'kumatikankhira kunja."

"Tanga tomwe."

"Tanu tomwe, mayi."

Anagonanso chagada, maso ali kudenga, osaphethira. Kezia anaganiza kuti akomoka ndipo anawagwedeza paphewa. Iwo anangoti, "Atsibweni." Tsiku lonse sanadye, sanadandaule za ululu, ngakhale pamene ankawongola mwendowo n'kuumanga.

Dokotala anawauza zoona zokhazokha. Anati chilonda chikakhalitsa choncho, mnofu wozungulira nthawi zina umasanduka khansa, ndipo zikatero mwendo umadulidwa. Anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko anadula kamnofu ka m'mbali mwa bowo kukayeza, ndipo masiku odikira zotsatira Kezia ankangozungulira panja, kulephera kuyang'ana phazi la amayi ake. Zotsatira zinabwera kuti khansa mulibe.

Opaleshoni itatha, a Rakele anatsitsimuka ali muwodi, mutu ukulemera. Atachotsa chofunda anaona zitsulo zitabaya khungu lawo n'kulowa m'fupa, zina pansi pa bondo, zina pamwamba pa kakolo, zonse zitamangidwa ku mtanda wachitsulo kunja kwa mwendo. Kezia atasuzumira anabwerera chafutambuyo mpaka kukagunda bedi la wodwala wina. A Rakele anagwira chitsulo chimodzi ndi nsonga ya chala n'kumva kuti chikugwedeza mkati mwenimweni.

"Zikhala pamenepo mpaka fupa litagwirana," anatero namwino. "Musaope, anthu amapita nazo kumudzi."

Anapempha kuti aone chimene anachotsacho. Namwino anachibweretsa m'botolo. Chinali chotalika kuyambira pachikhatho mpaka kunsonga ya chala, chotuwa, chodzaza timabowo ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. A Rakele analitembenuza botololo uku ndi uku. Amayi a m'mabedi oyandikana anadzuka kudzaona, wina n'kugwira pakamwa.

"Ndiye ndakhala ndikuyenda ndi maliro m'mwendo," anatero a Rakele, ndipo palibe anaseka.

Chilonda chitayera anawachitanso opaleshoni ina, kutenga fupa pang'ono m'chiuno kukadzaza pamene panatsala mpata. Anagona m'chipatalamo mpaka chimanga chimene anachisiya chikumera chinauma m'munda. Atabwerera kumudzi pandodo ziwiri, zitsulo zili panja, anthu ankatuluka m'nyumba kudzaona, ena n'kutembenuza nkhope.

A Margareta anali akadali moyo, atawerama msana, akukhala m'kanyumba koyandikana. A Rakele anadikira kuti anthu odzazonda achoke, n'kuwafotokozera zonse monga anazimvera.

"Madokotala za kumudzi sazidziwa," anatero a Margareta.

"Amayi, fupalo ndinaliona ndi maso angawa. Ndi langa. Ana ena ndinawaona kumeneko, matenda omwewa, ena ochokera ku Salima, ena ku Mchinji. Onsewo ali ndi atsibweni ogula ngolo?"

A Margareta anadzuka n'kulowa m'nyumba mwawo, ndipo mawa lake lonse sanatuluke. Mkuja, a Rakele atawauza kuti mwendo ukalimba apitire limodzi ku Bowe, anapukusa mutu.

"Ndikamuuza chiyani? Pita wekha. Ine maso ake sindingawaone."

Zitsulo anazichotsa mvula ina itayamba. Mwendo unatsala waufupi pang'ono, ndipo anawapangira nsapato yokwezeka. Chilonda chinatseka, pakhungu panangotsala chipsera chachitali cholowa mkati. Misewu itauma, a Rakele ndi Kezia anakwera minibasi, kenako njinga zamoto, kufunsafunsa mpaka anafika.

A Elifala anawapeza atakhala pamthunzi kuseri kwa kanyumba kaudzu, akusenda mtedza. Anali atachepa thupi, tsitsi lonse mbuu. Akazi awo anali atamwalira kale. A Rakele anafuna kugwada koma mwendo sunalole, ndiye anakhala pansi n'kuutambasula.

"Atsibweni, ndine Rakele, mwana wa mlongo wanu."

Nkhalambayo inasiya kusenda. Inayang'ana kunjira ngati kuti kukubwera anthu ena pambuyo. "Kwagwanji? Margareta watisiya?"

"Ali moyo. Ndabwera ndi nkhani ya mwendo."

A Elifala anakoka lichero n'kulifungatira pamimba. "Ine za mwendo ndinayankha kale. Ndilibe china."

"Sindinabwere kudzafunsa. Ndabwera kudzakuuzani."

Anafotokoza kuyambira pa kangalande mpaka pa botolo. A Elifala anamvetsera osagwedezeka, ndipo atamaliza anati abwereze pa mawu a dokotala paja. A Rakele anabwereza.

"Tizilombo," anatero a Elifala.

"Eee."

"Toti mankhwala akanatha kupha?"

"Anatero. Tikanapita kuboma nthawi ija."

Lichero linapendekeka, mtedza n'kukhuthukira pansi, koma iwo sanaone. Kenako anayamba kulankhula, maso ali padothi. Anati mbiri inawatsatira mpaka ku Bowe. Ukulu wa mpingo anausiya okha, poona kuti akaimirira kupemphera anthu akutsinana. Ana awo anakula akutchedwa ana a mfiti, ndipo wamkazi ukwati wake woyamba unalephereka pachifukwa chomwecho.

"Ng'ombe zija ndinagulitsa chaka chomwecho," anatero. "Fodya sindinalimenso. Chimanga chikandichitira bwino ndinkachita mantha, china ndinkachisiya m'munda kuti nkhokwe isaoneke yodzaza. Nthawi zina ndinkadzifunsa kuti mwina ndinachitadi osadziwa."

Kezia, amene anali asanawaonepo agogo akewa, anatembenukira kukhoma n'kubisa nkhope m'chitenje. A Elifala anapempha kuti aone mwendowo. Anawerama, n'kuyendetsa zala zawo zouma pachipsera paja kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Pauma," anatero.

"Pauma, atsibweni."

"Umapondera?"

"Ndimapondera. Kumsika ndayambanso kupita."

Anagona kumeneko, ndipo ana a a Elifala anabwera kudzamva nkhaniyo ndi makutu awo. Wamkulu anamvetsera ataima, n'kuchoka osatsanzika. A Rakele anapempha atsibweni awowo kuti abwerere kwawo ku Ntchisi, ngakhale kukangocheza. Iwo anakana. Anati manda awo ali pafupi ndi a akazi awo, ndipo phiri lija miyendo yawo singalikwerenso.

Mpaka pano a Margareta ndi a Elifala sanaonane. A Rakele amapita ku Bowe akapeza mpata, ndipo Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi cha kwawo, pandodo, n'kufotokoza nkhani yonse pamaso pa anthu, ena mwa iwo amene analipo tsiku limene a Elifala ankanenedwa. A Margareta tsiku limenelo sanapite. Koma mwana wawo akangobwerako ku Bowe, amamudikira pakhonde n'kumufunsa motsitsa mawu.

"Wakalamba kwambiri?"

"Akalamba, amayi."

"Akudya koma?"

"Akudya. Mano ndi amene atha."

A Margareta amagwedeza mutu, n'kufunsanso ngati m'nyumba mwake muli bulangete.