Mayi Alufazema, munatiphunzitsa kudikira Zuze

Lero ndi tsiku lomwe munatisiya, Mayi Alufazema, ndipo mtima wanga wabwerera ku Ngabu, nthawi ija ya makadi a chipani. Munkatiphunzitsa ife osamalira odwala pa kachipatala ka mishoni. Tinali ndi Zuze, munthu wamkulu ndithu koma wosalankhula. Masiku ano amati otizimu, kale anthu ankangoti analodzedwa. Ludzu likamugwira ankamenyetsa mutu kukhoma, moti achibale ankaganiza zokamumanga pamtengo.

Tsiku lina kukutentha munandipatsa kapu ya madzi yoti ndipatse Zuze. Munati, "Mwananga, chita monga takhala tikuyesera. Usamuyang'ane m'maso. Khala pambali pake, unene kuti 'madzi' kamodzi kokha, kenako udikire." Ndinadikira mpaka mkono unachita dzanzi. Amayi ake a Zuze, amene anabwera pa bwato kuchokera ku Makhanga, anali atataya mtima n'kuyamba kumanga katundu. Pamenepo Zuze anagwira kapu ija n'kunong'ona kuti, "Madzi." Mayi aja anakhala pansi, nafunsa m'Chisena ngati walankhulayo ndi mwana wawodi. Inu munangoti, "Ndi iyeyo. Mawa timuphunzitsa kunena kuti 'ayi'." Ndakusowani, amayi.