Mizere 27 ya a Levulo

Bambo anga anagwira ntchito yopaka pulasitala zaka makumi anayi. Anzawo ankawatchula kuti a Levulo, chifukwa kachida koyezera ngati khoma lawongoka sikankachoka m'thumba la ovololo yawo. Chokhota chilichonse chinkawanyansa. Akalowa m'nyumba ya eni, moni usanathe maso amakhala ali kale pakona. Bondo litayamba kuvuta anapuma ntchito, n'kumangokhala pakhomo kupezera zifukwa mashelefu a amayi.

Mng'ono wanga, chitsirizira m'banja mwathu, anapita patali ndi masamu. Tinkadziwa kuti akulemba buku lalikulu kuyunivesite, koma za chiyani, palibe ankafunsa kawiri. Loweruka lina anafika ndi chithunzi. Panali chinthu choyera cha miyendo itatu, cha mabowo, chopindika paliponse ngati nsalu yomwe mphepo yaiuzira.

"Ababa, ichi mungandiumbire? Ndikufuna ndikachionetse tsiku lofotokoza buku langa."

Bambo anachiyang'ana mozondotsa. "Amene anapanga ichi anali ataledzera."

"Pali mizere yowongoka 27 pamenepo. Yowongoka ndithu, yoti mungagonekepo levulo."

"Pachinthu chokhota chonchi? Mwanawe, sukulu yakupweteka."

Iye anawasiyira mapepala a miyeso n'kubwerera. Sipanathe masiku awiri, pakhonde panali matumba a simenti yoyera.

Choyamba chinagwa chisanaume. Chachiwiri chinaima, koma chinkaoneka ngati dzino lobooka, ndipo bambo anachiphwanya okha. Ndiye tsiku lina m'mawa, ndikuchapa, ndinawamva akuseka kuseri. Nditapita ndinapeza adula waya yense amene amayi ankayanikapo zovala.

"Ndimayambira kolakwika," anandiuza. "Uyambe mizereyo. Uimike mawaya owongoka, aliyense pamalo pake, simenti izingotsatira. Kupindikako kubwera kokha."

Kunabweradi kokha. Sabata zitatu bambo anali ngati mwana amene wagulidwa nsapato. Ankaimitsa aliyense wodutsa, wogulitsa makala, mayi woyandikana nafe, ngakhale munthu wowerenga mita ya madzi, kuti atseke diso limodzi n'kusuzumira m'mbali mwa waya. Amayi zovala ankayanika pampanda, akung'ung'udza, koma nawonso ndinawapezerera akusuzumira.

Chitauma anachikhazika pa gudumu la njinga kuti chizizungulira. Mng'ono wanga anali atawauza kuti buku lake likukamba za njira zimene chinthu chotere ungachitembenuze n'kumaonekabe chimodzimodzi, ndipo kuti ichi chili nazo 120. Bambo anazungulitsa, napeza zitatu. Anabwereka galasi la amayi, napeza zina zitatu. Atabwera mwana wawo, anamudikirira pageti.

"Zisanu ndi chimodzi. Ndawerenga kanayi. Zinazo wazitenga kuti? Usakaname pamaso pa anthu ophunzira."

Mng'ono wanga anaseka mpaka kukhala pansi. Anati chimene aumbacho ndi mbali yochepa chabe imene maso angaone, chinthu chenichenicho chimakhala m'manambala ena oti tepi singayeze. Samu imene imachibala ili ndi manambala asanu, ndipo ukawasinthanitsa malo mmene ungafunire, chimatuluka chomwecho.

"Zisanu zingabale bwanji 120?"

"Tilipo angati pano?" anafunsa mng'ono wanga.

Tinalipo asanu: bambo, amayi, ine, amuna anga, ndi iyeyo. Anandandalika mipando isanu pabalaza. Mpando woyamba pangakhale aliyense mwa asanufe, wachiwiri mmodzi mwa anayi otsala, choncho mpaka kumapeto. Bambo anati zapakamwa sakhulupirira, tiyese. Anatenga katoni ndi pensulo yawo yakukhutu kuti azilemba kakhalidwe kalikonse.

Tinayamba kusinthana mipando. Amuna anga, omwe chikwatirane sanakhalepo pafupi ndi apongozi awo aakazi, anapezeka atagundana nawo mawondo, maso ali kudenga.

"Pepani amayi."

"Khalani bambo, ndi za sukulu izi."

Pofika 30 tonse tinali kulira ndi phwete. Bambo ankalamula ngati kapitawo, "Mkamwini kumanzere, mayi ako pakati, ayi imeneyo tachita kale." Pa 47 amayi anakana kunyamuka, akuti chiuno chawo sichinalembetse kuyunivesite. Bambo anamaliza okha mawa lake ndi zitsekero zisanu za mabotolo, ndipo atafika pa 120 anasaka ina ya 121 mpaka masana, osaipeza. Anaimbira mwana wawo foni n'kumutchula kuti aphunzitsi.

Tsiku lofotokoza buku, chinthucho bambo anachikulunga m'bulangeti n'kuchifukata pamiyendo m'basi ulendo wonse. Atavundukula m'chipinda chophunzirira, mphunzitsi wamkulu wa mng'ono wanga, bambo wa imvi, anagwada pansi ndi suti yake n'kuyamba kutsata mizere ndi chala.

"Akulu, munagwiritsa makina anji?"

"Waya wa akazi anga," anayankha bambo.

Kenako anatulutsa levulo n'kuigoneka pamzere uliwonse, ophunzira akuwerenga mokweza mpaka 27. Mng'ono wanga anakhoza bwino, koma zithunzi zambiri za tsikulo ndi za bambo.

Panopa Lachiwiri lililonse amapita kuyunivesite. Anawapatsa kachipinda kuseri kwa laibulale, momwe amaphunzitsa ana a masamu kuponda simenti. Akuti mitu ili bwino anawo, koma manja ngati a makanda, ndipo mtsikana mmodzi yekha ndi amene amakumbukira kutsuka ndowa isanaume.