Mayi Fuatino Sagogoda

Mayi Fuatino anakula mpaka kukwatiwa asanagogodepo pachitseko cha munthu. Akanagogoda pati? Kwawo, pachilumba cha Savai'i, nyumba inali denga ndi nsanamira basi, khoma ayi. Mvula ikabwera ndi mphepo anthu ankatsitsa timphasa ta masamba a kokonati, ikapita n'kutikwezanso. Podutsa unkaona amene wagona, amene akuluka, amene akukalipira mwamuna wake. Ukafuna kucheza unkangofika n'kukhala pansi m'mphepete mwa mphasa, miyendo utapinda, poti kulankhula uli chiimire m'nyumba ya eni ndi mwano. Eni ake ankakuona okha. Chitseko m'mudzi monse chinali cha tchalitchi, nachonso anachiika chifukwa cha nkhumba.

Ndiye ku Sande sukulu, aphunzitsi akafika pa fanizo la munthu uja anakagogoda kwa mnzake kupempha buledi wopatsa mlendo, ana ankafa nako kuseka. "Bwanji sanangokweza kamphasa n'kutenga yekha m'dengu?" Fuatino anafunsa tsiku lina, ndipo khutu lake linalipira. Kwa iye wolakwa anali wam'katiyo. Munthu wanji wogona atadzitsekera ngati katundu wa m'sitolo?

Paja walira mvula walira matope. Mayi Fuatino ndi amuna awo, a Ierome, anafuna kuti mwana wawo Setefano aphunzire, ndipo anasamukira ku Logan, ku Australia. A Ierome ananyamula nyama kufakitale mpaka msana unawathera, kenako anatsogola. Mayi anatsala ndi makina awo, akusokera theka la mpingo madiresi oyera a Lamulungu. Zitseko anazizolowera monga umazolowerera nsapato yothina. Koma galaja yawo inkakhala yotsegula tsiku lonse, mphasa zitayalidwa, ndipo wodutsa aliyense ankamwa tiyi kaya akufuna kaya sakufuna.

Setefano anakwatira Kirsty, mtsikana wa konkuno, namwino wogwira usiku n'kumagona masana. Mayi anali ndi kiyi wa nyumba ya anawo. Tsiku lina analowa ndi amayi atatu a kumpingo kudzawaonetsa makatani amene anasoka, ulendo mpaka kuchipinda. Kirsty anadzidzimuka amayi anayi atamuimirira kumiyendo, akuyamikira nsalu. Abale inu, kwathu imeneyo si nkhani! Koma kuno inali nkhani.

"Amayi, chonde, muziyamba mwagogoda," anatero Kirsty madzulo ake, mwaulemu ndithu. Setefano anangoweramitsa mutu.

"Ine? Kugogoda kwa mwana wobala ndekha? Iyeyu anagogoda potuluka m'mimba mwangamu?" Anaponya kiyi patebulo. "Phazi langa silidzapondanso pano."

Ndipo silinapondedi, chifukwa Mayi Fuatino akalumbira salumbira zamasewera. Kirsty atabereka mwana wamkazi, Setefano anabwera ndi chithunzi pafoni. "Tiyeni mukamuone, amayi." Iwo anati, "Ndikagogode?" Setefano atati abwere naye kugalaja, iwo anati mwana wa m'nyumba yotseka akhale momwemo. Atatero analowa m'bafa, natsegula mpopi kuti asamveke akulira. Mdzukuluyo ankamufuna moti mtima unkachita kuwawa.

Lamulungu lina Abusa a Enoka analalikira fanizo lomwe lija. Mayi anakonza chipewa, poganiza kuti ulaliki uwu akuudziwa kuyambira ali mwana.

"Mukuganiza kuti wogogodayo anali mlendo?" anafunsa abusa. "Ayi, anali bwenzi, wodyera naye mbale imodzi. Akanatha kunena kuti, ine n'kagogode kwa uyu? Akanabwerera ulemu wake uli wonse, koma mlendo wake akanagona ndi njala. Tsono ndikufunseni: ndani akugona ndi njala chifukwa cha ulemu wanu?"

Siniva, mnzawo wa pabenchi, anawagunda ndi chigongono. "Nkhaniyi ikununkha dzina lanu, amake Setefano."

"Tsekani pakamwa, mano ogulawo angagwere m'mbale ya chopereka."

Anayankha choncho, koma nyimbo yotsekera sanayimbe nawo. Maganizo anali atapita kwawo. Anaona mudzi wawo dzuwa likuswa mtengo, nyanja ili phee, nkhuku zili pamthunzi, utsi wa miyala yophikira ukukwera kuseri kwa nyumba. Anaonanso chimene anali atachiiwala. Nthawi zina unkapeza nyumba imodzi timphasa titatsitsidwa, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Pamenepo unkadziwa kuti muli wodwala, kapena mayi amene wachezera ndi khanda. Palibe ankakweza kamphasako. Amayi awo omwe, amene ankalowa paliponse ngati mphepo, ankaima patali pansi pa mtengo n'kutsokomola, mpaka wam'kati atayankha. Ha! Kani nakonso kwawo chitseko chinalipo. Manyazi anawagwira pabenchi pomwepo.

Atadya chakudya cha masana ndi mpingo, anapita kunyumba, natulutsa m'sutikesi kadiresi koyera kamene anasoka mwana atangobadwa, kokhala ndi timaluwa pakhosi. Anakapinda bwino nakwera basi.

Nyumba ya Setefano inali momwe anaisiyira, makatani awo omwe aja ali pawindo. Galimoto panalibe. Anaima pakhomo, nakweza dzanja. Dzanja linakana. Anayesanso, zala atazipinda kale, koma zinangoima m'malere ngati za mwana wofuna kuyankha m'kalasi. Mwambo wa munthu ndi wouma, inu. Mapeto ake anachita chimene ankachidziwa: anakhala pansi pasimenti, msana atatsamira chitseko, miyendo atapinda, natsokomola kamodzi. Ndani angamve chifuwa kuseri kwa njerwa?

Anakhala mpaka mthunzi unawachoka kumapazi. Katani inagwedezeka pang'ono. Kenako kumsana kwawo kunamveka kugogoda, kochokera m'kati.

"Odi, amayi," anali mawu a Kirsty. "Ndingatsegule?"

Mayi Fuatino anafuna kuyankha mwaukali monga mwa masiku onse, koma anayankha mofatsa. "Chitseko n'chako, mwanawe," anatero. "Tsegula."

Anasendera pambali. Kirsty anatuluka, ndipo sanalankhule ali chiimire, anakhala pansi pafupi nawo. Mayi anafunyulula kadiresi kaja pamiyendo, manja atakonzeka kulandira khanda.

Amene anatuluka anali kuyenda yekha, nsapato atavala mosemphanitsa, m'manja muli nthochi yoluma. Anayang'ana mayi wa chipewa choyerayo, nathamangira kuseri kwa amake.

"Amama, awa ndani?"

Mayi Fuatino anayang'ana mwanayo, nayang'ana kadiresi. Sikakanalowa ndi mkono womwe.