Munamwera m'kapu yanga, Abiti Juma

Abiti Juma, lero kuchipatala kuno ku Lirangwe amathokoza anthu odzipereka pa zaumoyo m'midzi. Ena alandira njinga, ena masatifiketi. Atatchula dzina lanu tonse tinaimirira kuti tikhale chete, koma ine chifuwa chinandikaniza, mpaka ndinathawira panja kukatsokomola. Panjapo ndinakumbukira chaka chomwe ndinadwala TB. Kunyumba anandipatulira kapu yangayanga, n'kuimanga kansalu kofiira pachogwirira kuti wina asamwere. Inu munkabwera m'mawa uliwonse kudzaonetsetsa kuti ndameza mankhwala. Tsiku lina munafika thukuta lili kamukamu, munatenga kapu ija, n'kutungira madzi mumtsuko, n'kumwa apongozi anga akuona. Iwo anakuwa, "Mayo ine, imeneyo ndi ya odwala!" Inu munangomasula kansalu kaja n'kunena kuti, "Matendawa sayenda m'kapu, amayi. Muzingotsegula mawindo." Tsiku lomwelo ndinadyanso limodzi ndi ana anga.

Ndiulule pano, poti bambo a kunyumba ndalephera kuwauza pamaso: chifuwa chija chayambiranso, thupi likutha. Ndapemphera, ndasala kudya, koma kukapereka makhololo kuti akayeze ndikuopa, mtima sukukhazikika. Tinkapembedza kosiyana, inu kumzikiti ine kutchalitchi, koma ndikudziwa kuti Mulungu ndiye anakutumani pakhomo panga. Nanga pano andiperekeze ndani? Mawa ndilawirira ndekha kuchipatala ndisanasinthe maganizo. Kapu ija ikadalipo, Abiti, ndipo kaya akandiuza zotani, sindilola munthu aimangenso kansalu. Usani mumtendere.