Patenti ya chakudya cha chambo

Bambo anga anamwalira asanamvetse ntchito imene ndimagwira. Anali ogulitsa nsomba zouma pamsika wa Mangochi, ndipo kwa iwo loya anali munthu wovala mkanjo wakuda amene amayankhulira anthu kukhoti. Ndikawauza kuti ine kukhoti sindipitako kawirikawiri, kuti ntchito yanga ndi kulembetsa ku boma zinthu zimene anthu atulukira kuti ena asawabere nzeru, ankagwedeza mutu mwaulemu ngati momwe ankachitira ndi wogula amene akuchepetsa mtengo mopyola.

Njira yake inali yaitali. Ndinayamba ndi digiri ya kemisitiri, ndinakaphunzitsa kusekondale ina kufupi ndi Malindi, kenako ndinabwereranso kusukulu kukaphunzira zamalamulo anzanga a msinkhu wanga ali ndi ana aakulu. Ndinauzidwa kuti loya wa mapatenti, wolembetsa zinthu zotulukiridwa kumene, amafunika maso awiri, lina la sayansi, lina la malamulo. Nditamaliza panatsalabe mayeso oti andilole kugwira ntchito ya uloya, ndi maphunziro ena afupiafupi a zamapatenti amene ndinkachitira pa kompyuta, intaneti ikamalola. Tsitsi langa linayamba kuyera ndikadali wophunzira.

Kampani ya maloya ku Blantyre inandilemba ntchito. Kumeneko ndinaona kuti pafupifupi zonse zimene timalembetsa zinkachokera kunja zitalembedwa kale: mankhwala, makina, zizindikiro za sopo. Changa chinali kuona ngati masamba akwanira, kupereka ku ofesi yolembetsera, ndi kukumbutsa eni ake nthawi yokonzanso ikakwana. Kemisitiri yanga yonse inagona. Choncho kampani ina yoweta nsomba m'makhola pa nyanja itafuna loya wake wake, ndinavomera osaganiza kawiri. Mayi anali atayamba kuvutika ndi miyendo, ndipo ofesi ya kampaniyo inali kwathu komweko.

Loya wa m'kati mwa kampani ndi loya wa chilichonse. Ndinkalemba mapangano a oyendetsa malole, kumva madandaulo a alonda, kukakhala pamisonkhano ndi asodzi okwiya ndi malire a makhola. Anthu a mu ofesi ankabweranso ndi nkhani zawo za minda ndi za maukwati. Ndinkafika kunyumba mutu ukulemera, n'kupeza mayi andisungira mlendo wina wa nkhani ya malo.

Tsiku lina kunabwera mkulu wa ku labotale ya kampaniyo, bambo wa ku Namwera, wofatsa, woyankhula Chichewa chopendekera ku Chiyao. Anatenga timibulu ta chakudya cha nsomba n'kutiponya m'kapu ya madzi pa tebulo langa. Timibuluto sitinamire. Anandifotokozera kuti chakudya chathu chakale chinkamira msanga n'kuwonongeka pansi pa makhola, ndipo iye, atayesa zaka zingapo, anapeza njira yophikira ufa wa chinangwa ndi zosakaniza zina kuti chakudyacho chiyandame popanda kugwiritsa ntchito makina okwera mtengo. Anandifunsa ngati chinthu chotere chingalembetsedwe.

Sindibisa, mtima unagunda. Aka kanali koyamba kuti munthu andibweretsere chinthu chobadwira konkuno.

Tinagwira ntchito miyezi. Ndinkapita ku labotale masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumamufunsa mafunso mpaka kumutopetsa: kutentha kwake kufike pati, chinangwa cha mtundu uti, nanga mutachepetsa madzi chimachitika n'chiyani. Ndinafufuza zimene ena analembetsa kale m'maiko ena kuti ndione pamene chathu chikusiyana. Mawu amene amatchinga malire a patenti ndinawalemba n'kuwafufuta kosawerengeka, chifukwa ukawapanikiza wina amangosintha pang'ono n'kudutsa, ukawatambasula amawakana. Ndinachenjeza iye, ndinachenjezanso abwana aakulu, kuti mpaka titapereka pempho lathu, pasapezeke wouza anthu akunja m'mene chakudyachi chimapangidwira. Abwanawo anavomera uku akuyankha foni.

Zimene zinachitika ndinadziwira pa sadaka ya amalume anga, pempho lathu tisanapereke. Tinakhala ndi azimayi kuseri kwa nyumba tikusankha mpunga, mng'ono wanga n'kundipatsa foni yake akumwetulira, akuti ndione kampani yanga ikutchuka. Inali kanema ya pa msonkhano wa alimi a nsomba umene unachitika ndili pa tchuthi, miyezi yambiri m'mbuyomo. Abwana anali ataimirira kutsogolo, kumbuyo kwawo chithunzi chachikulu choonetsa njira yonse, ndi kutentha kwake komwe. Anthu ankaomba m'manja. Kanemayo inali itayenda kale m'mafoni.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya abwana. Ndinawafotokozera kuti lamulo limateteza chinthu chatsopano chimene sichinaululidwe, ndipo chathu chinali chitaululidwa ndi mwini wake pamaso pa gulu.

"Koma ndi chathu," anatero. "Aliyense waona kuti ndi chathu. Si umboni wabwino umenewo?"

Ndinawauza kuti ndi umboni wabwino woti n'chathu, komanso umboni wabwino woti tsopano aliyense angachipange. Kenako anati popeza ndine loya ndipeze njira. Ndinaifunafuna ndithu. Ndinafunsa anzanga akale a ku Blantyre, ndinawerenga ngati kuli kumene amakhululukira kuulula kotere. Kumene kunali kachitseko, nthawi yake inali itatha kale.

Chovuta chinali kuuza mwini nzeruyo. Ndinamupeza akutsuka mabotolo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja akadali m'madzi. Anati iye pa msonkhanowo analipo, ndipo ndi iye amene anakonzera abwana chithunzicho, poganiza kuti chenjezo langa linali lokhudza makampani opikisana nafe, osati alimi wamba. Sanadziteteze, ndipo inenso ndinalibe mphamvu zomukalipira. Mwina sindinalongosole bwino, mwina iye sakanatha kukaniza bwana wake.

"Ndiye kuti dzina langa sililembedwa paliponse?" anafunsa.

Ndinamuuza kuti sililembedwa mu patenti. Anapukuta manja, nati Mulungu ndiye adziwa, n'kupitiriza ntchito yake.

Chakudyacho chikupangidwabe, ndipo ndamva kuti alimi ena a maiwe kumtunda akuchipanga okha. Mkuluyo amati zimenezo zimamusangalatsa, ndipo ndimamukhulupirira pang'ono. Chaka chotsatira anapempha kuti amusamutsire kumakhola, kuti azikayang'anira kadyedwe ka nsomba, ndipo kulabotale kunabwera wina.

Ine ndinabwerera ku mapangano a malole. Ndinalemba lamulo la kampani loti aliyense wokayankhula pa msonkhano ayambe wandionetsa zimene akanene, ndipo analitsata kwa kanthawi. Kampani ya ku Blantyre inandiimbira kuti malo anga akadalipo. Ndinaganizira sabata yonse, koma mayi sakanatha kukhala m'tauni ija ya zitunda ndi kuzizira, ndipo ine sindikanawasiya. Ndinawayankha kuti zikomo, mwina mtsogolo. M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita ku ofesi, kumene mlonda wina anali atandidikira kale pa khomo ndi nkhani yake ya tchuthi.