Mitsinje Youndana ya ku Saiberiya

Mapu a dziko la Rasha ndinkawadziwa kuposa misewu ya mu Livingstone momwe ndinkakhala. Ndinali mphunzitsi wa jogalafe, mlendo wochokera ku Chipata. Mwamuna wanga anali ku mzinda wina wa ku Saiberiya, komwe adapita kukaphunzira za makina ukwati wathu udakali wauwisi. Poyamba ankalemba makalata. Kenako adangoti zii.

M'kanyumba kanga ku Nottie Broadie munali mipando iwiri, koma winawo ndinkangosanjapo mabuku. Aneba anali Atonga ndi Alozi, anthu abwino ndithu, kungoti kucheza kwathu kunkathera pampopi. Loweruka ndinkachapa, kusita, kenako n'kukhala pakhonde kumamvera mkokomo wa mathithi mphepo ikaubweretsa. Ndinkasungulumwa kwambiri, sindibisa.

Wondifunsa za bambo akunyumba ndinkamuyankha ngati ndili m'kalasi. Dzikolo n'lalikulu, ndinkatero, moti kum'mawa kukamacha, kumadzulo anthu amakhala akungogona kumene. Mitsinje yake itatu ikuluikulu imalowera kumpoto ndipo m'nyengo yozizira imaundana gwa ngati mwala. Ndiye kalata idutsa pati? Dziko lija litagawanika, mbendera yofiira itatsitsidwa, ndidapeza chonena chatsopano: kuli chipwirikiti, anthu akuchita kufola pofuna buledi, ndani angaganize za positi?

Malume, omwe anali ankhoswe anga, adabwera pabasi kuchokera kumudzi, mapazi atatupa.

"Mwanawe, mwambo umalola," adatero. "Mwamuna akasowa chonchi timapita kwa akwawo, akusudzule, uyambirenso. Ukalamba ukuyang'ana kunjira."

Ine ndidawayalira mapu patebulo. Ndidawaonetsa nkhalango zopanda malire, njanji yaitali yodutsa m'chisanu, malo omwe dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Munthu wamkulu adagwira chibwano, m'mawa mwake n'kukwera basi. Ndidanyada kuti ndawagonjetsa ndi sukulu, opusa sadziwika ndi nyanga.

Tsiku lina mu Januwale, mvula ikuwaza, ndikusankha matimati pamsika, wina adandigwira paphewa. Anali mnzake wa mwamuna wanga, yemwe adanyamukira naye limodzi.

"Ba Madam, ni imwe? Nabwela last week chabe!"

"Mwadutsa bwanji, pomwe kumeneko ino ndi nyengo yachisanu?" ndidafunsa.

Adaseka. "Ah, sitima siimilila, olo snow ifike apa." Adaloza pachifuwa. "Amuna banu ndiye bananipelekeza ku station, bananinyamulila na chola. Banenepa, simungabazibe!"

Ndidangoona m'maganizo mwamuna wanga ataima pambali pa sitima yobwera kuno, chitseko chili chotsekula, iye akukweza chikwama cha mnzake, n'kutembenuka kubwerera komwe adachokera. Matimati ndidawasiya pomwepo. Kunyumba ndidalira mpaka mutu kuwawa, ndipo panalibe woti andifunse chomwe ndikulirira.

Lolemba phunziro linali lomwelo, poti silabasi sidziwa za mtima wa munthu. Ndidapachika mapu, ndidajambula mitsinje itatu ija pabolodi. Mtsikana wina wa ku Simonga, wosatopa ndi mafunso, adakweza dzanja.

"Madam, manje ngati mitsinje yauma na ice, banthu bayenda bwanji?"

Ndidapukuta choko m'manja. Ana onse ankandiyang'ana, kudikira yankho lomwe ndinkapereka chaka ndi chaka.

"Amayenda," ndidatero. "Wofuna kubwera kwawo amabwera."

Titaweruka ndidapita pamalo okwerera mabasi kukafuna munthu wopita ku Chipata, kuti akauze malume akwerenso basi.