Denga Lodontha Pachikwangwani

Ku Mongu kuno ukafunsa za Bo Imasiku masiku ano, ana amakulozera pamphambano ya kudepoti, pamene panali chikwangwani chija. Kale ukafunsa ankakulozera m'mwamba, chifukwa mkuluyo pansi sankapezekapo. Anali mmisiri wofolera nyumba ndi udzu, ndipo zaka zawo zonse anazithera pamadenga a eni, mutu pansi matako kumwamba, ngati munthu wofunafuna singano. Ena amati anawadziwa kaye zidendene, nkhope anadzaiona pambuyo pake kutchalitchi.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo, ndipo anawaposa. Udzu ankauyesa ndi mano. Ukawabweretsera mtolo womwetedwa nthawi isanakwane, ankangoluma kamodzi, kulavula, n'kukuuza kuti ukapatse ng'ombe. Ankaupesa okha, kuusanja mitu pamodzi, kuusoka ndi singano yaitali ngati mkono, kenaka n'kuugogoda ndi thabwa mpaka denga lisalale ngati mutu wa mwana wasukulu tsiku lotsegulira. Akatsika pamakwerero sankapereka pepala lililonse. Ankangopukuta m'manja n'kunena mawu awo amodzimodzi aja: "Likadontha ndisanafe, mudzandiitane, madziwo ndidzamwa."

Palibe anawaitanapo. Mawu amenewa ndiwo anali chuma chawo chonse, kuwonjezera mbuzi zinayi ndi nyumba yawo. Nyumbayo anaifolera chaka chimene mwana wawo Sibeso analowa sukulu, ndipo pofika nthawi imene ndikunenayi Sibeso anali namwino ku Kaoma, denga likadali lomwelo. Wofuna ntchito ankabwera naye kunyumba, kumukhazika pansi, n'kumuuza kuti ayang'ane kumwamba. Mkati mwake munali mwaukhondo ngati mphasa yatsopano. Akazi awo, amake Sibeso, ankati anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi denga.

Tsiku lina m'chilimwe galimoto yoyera inatitimira mumchenga pafupi ndi nyumbayo, monga zimachitira galimoto zonse za anthu a ku Lusaka. Bo Imasiku anathandiza kukankha. Munatuluka bambo wina wonenepa dzina lake Kangwa, kamera ili pakhosi. Munthuyo anali ataphunzira bwino: anagwada mumchenga wotenthawo, kuwomba m'manja monga timachitira, n'kuwatcha bwana mmisiri. Anati wamva mbiri yawo kutali, ndipo akufuna kujambula nyumbayo kuti dziko lonse liione. Ndikamaganiza lero, pamenepo sananame.

Bo Imasiku analowa kuchipinda n'kutuluka atavala jekete la ukwati ndi nsapato. Kangwa anayamikira, kenaka anapempha kuti avule, ati mmisiri weniweni amaoneka bwino m'zovala zantchito. Amake Sibeso anali atavala chitenje cha kutchalitchi. Kangwa anawabweza kuti akavale chimene amavala powamba nsomba. Anawalowetsa onse m'nyumba. Bambo anawakhazika pampando wachitsa, osavala nsapato, n'kuwauza kuti agwire tsaya ngati munthu woganizira denga lina lalikulu. Mayi anawapatsa beseni lawo lomwe lochapira.

"Linyamuleni chonchi, amayi, ngati mukufuna kusenza. Eya. Tsopano yang'anani kumwamba, muone ntchito ya amuna anu. Musaseke, ino si ya ukwati."

Pochoka anawasainitsa pepala la Chingerezi, nawasiyira mphatso: sikipa ndi ambulera yaikulu yokhala ndi chithunzi cha kamba. Munthu wochenjera akanadzifunsa kuti mlendo wotamanda denga lako akusiyiranji ambulera. Bo Imasiku anapita nayo kutchalitchi Lamulungu lotsatira, kunja kuli ng'aa, n'kuuza aliyense kuti posachedwa aoneka m'dziko lonse.

Uthenga unabwera ndi Hamweemba, Mtonga wokonza njinga pafupi ndi depoti, bwenzi lawo la zaka zambiri. Mtonga ndi Mlozi ndi pachisuweni, amatukwanana ngakhale pamaliro popanda mlandu, ndipo Hamweemba ufulu umenewu sankausunga m'thumba. Anafika akukankha njinga chifukwa kuseka kunali kutamulepheretsa kupalasa.

"Kapolo wanga, tenga kapu. Akuitana kudepoti ukamwe madzi ako aja."

Chikwangwanicho chinali chachikulu kuposa basi. Kudzanja lamanja kunali banja lina loyera mano, bambo, mayi ndi ana awiri onenepa, akuseka pansi pa malata abuluu ngati auzidwa kuti sadzafa. Kumanzere, mumdima wotuwa, kunali Bo Imasiku atagwira tsaya ngati wofedwa, ndi amake Sibeso atatchera beseni, maso kudenga. Ndipo kuchokera m'denga lija, limene mvula ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi inalephera kuboola, munkagwa madontho akuluakulu ngati mango. Anachita kuwajambulira. Pamwamba analemba m'chinenero chathu kuti ngakhale agogo awerenge: MUDZATCHERA MVULA MPAKA LITI? Pansi pake kamba akumwetulira, ndi dzina la malata ake.

Bo Imasiku anaima pamenepo nthawi yaitali. Chimene chinawapweteka si kupanda nsapato. Ankawerenga madontho, n'kumayang'ana malo amene aliyense akuchokera, chifukwa mtolo uliwonse pamenepo ankaudziwa ndi tsiku limene anausoka.

Sabata isanathe funso lija linalowa pawailesi, lili ndi kanyimbo kake. Ana ankaliimba popita kusukulu. Atsikana ankaliponyera anyamata owafunsira. Kumsika amake Sibeso anapatsidwa dzina loti Mayi Dontho, ndipo anasiya kusenza beseni, nsomba n'kumazinyamulira m'thumba. Anthu amene anagona mouma zaka khumi pansi pa madenga a Bo Imasiku anayamba kuyang'ana kumwamba mokayika. Mphunzitsi wina wamkulu amene anali atagula kale udzu anatumiza mawu kuti wasintha maganizo. Mkulu wa mpingo anagwetsa denga labwinobwino, ndipo Bo Imasiku atapita kukamufunsa ngati linadonthapo, iye anakanda m'mutu n'kuti, "Kudontha silinadonthe, Bo Imasiku. Koma chithunzi sichinama."

Bo Imasiku anapita kusitolo yogulitsa malatawo. Kumeneko anawauza kuti iwo amangogulitsa, za zithunzi akafunse ku Lusaka, ndipo kalaliki wina anawapempha ajambulitse nawo pafoni. Ndiye anaganiza zodziyankhira okha. Masiku a msika ankaima pansi pa chikwangwani, atavala jekete lija, n'kumauza otsika basi kuti madonthowo ndi abodza, amene akukayika abwere kunyumba akaone. Anthu ankasonkhana ndithu. Ankayang'ana kumwamba, kuyang'ana pansi, n'kukodolana kuti ndi yemweyo. Wasitolo anati mwezi umenewo malata anayenda kuposa kale lonse, ndipo anawatumizira botolo la zakumwa.

Nkhani inafika ku Kaoma. Sibeso anali pachibwenzi ndi mphunzitsi, ndipo azakhali a mwamunayo, atadutsa pa Mongu, anakafunsa kuti namwino wotani amene makolo ake amagona ndi beseni. Posakhalitsa ngolo inafika pakhomo ndi malata abuluu ochokera kwa Sibeso, kamba ali pa lililonse. Amake Sibeso anawasisita ngati mwana. Bo Imasiku analamula kuti awaunjike kuseri, pansi pa mtengo wa mango.

"Ine ndikadali ndi mpweya, chitini ichi sichikwera pamutu panga. Ndikachikweza ndiye kuti ndavomera kuti linkadontha."

"Inu mumakhala kumwamba, abambo ake a Sibeso," anatero mayiwo. "Kumsika ndimapita ndine."

Malatawo anakhala kuseriko zaka ziwiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ntchito inachepa mpaka Bo Imasiku anayamba kufolera makola a nkhunda ndi zimbudzi. Nazonso ankazigogoda ndi thabwa mpaka zisalale, n'kunena mawu awo aja, ngakhale tsopano eni ake ankayang'ana kumbali.

Kenaka galimoto yoyera inatitimiranso pamalo omwe aja. Ulendo uno palibe anakankha. Kangwa anayenda wapansi, atanenepa kuposa kale, nagwadanso mumchenga popanda manyazi ngakhale a m'chikhadabo. Anati mwini wa kampani ya malata wamanga nyumba yopumulirako m'mbali mwa mtsinje, cha ku Senanga, ndipo akufuna mmisiri woposa onse kuti aifolere ndi udzu. Bo Imasiku anafunsa ngati malata atha kufakitale. Kangwa anaseka.

"Aa, mdala, inunso. Malata amatentha, komanso mvula ikamagwa amasokosa. Bwana sangapume m'menemo."

Bo Imasiku anayang'ana kumene kunali thabwa lawo logogodera udzu, ndipo Kangwa anaimirira msanga n'kunena kuti abweranso mawa kudzamva yankho. Madzulo ake Hamweemba anafika, ngati wamva fungo. Anati Mlozi ndi wopusa kuyambira kalekale, koma asapuse mpaka pamenepa. Mulungu wamubweretsera mdani atagona chagada, iye akufuna kukana? Apite akafolere, koma pamwamba penipeni pa bedi la bwanayo asiyepo kanjira. Bo Imasiku kanjira koteroko ankakadziwa. Umangolekerera mtolo umodzi osaukoka, n'kuuphimba bwino. Chaka choyamba zii, chachiwiri zii, chachitatu dontho pamphuno. Anaseka, ndipo aka kanali koyamba chikwezereni chikwangwani chija. Amake Sibeso nawo anavomereza msanga, mpaka kuwakonzera kamba wapaulendo, nsomba zouma ndi mpunga.

Anakhala kumeneko masabata asanu ndi awiri. Kwa Kangwa anapempha chinthu chimodzi chokha choposa malipiro, kuti chikwangwani chitsike, ndipo Kangwa anavomera mosavuta mpaka zinawadabwitsa. Tsiku limene anafika pamwamba pa chipinda cha bwana, anachita monga anapangana ndi Hamweemba. Anasiya mtolo uja wolobodoka, kuuphimba, kugogoda, n'kutsika kukadya. Ali pambale, anakhala akuyang'ana malowo, amene munthu wina aliyense sakanawaona, koma kwa iwo ankaoneka ngati chilonda pamphumi. Asanasambe n'komwe m'manja anakweranso, kumasula mizere itatu, n'kusoka mtolowo molimba kuposa ina yonse. Pambuyo pake ankati ngakhale manja ako omwe akhoza kukugulitsa. Potsika tsiku lomaliza mawu aja anawatuluka okha, ndipo bwanayo anawakonda kwambiri, n'kuuza Kangwa kuti awalembe penapake, angadzagwire ntchito.

Basi itaima pa Mongu, anayang'ana pamphambano. Nkhope yawo panalibe. Panali mtsikana wina akuseka ndi foni kukhutu. Wogulitsa mazira anawauza kuti chija anachichotsa sabata yomwe iwo anachoka, chifukwa nthawi yake inali itatha kale, komanso m'tauni simunatsale woti n'kumuuza za malata. Bo Imasiku sanalole kuti zimenezo ziwasokoneze. Anagula shuga ndi chitenje chatsopano, n'kuyamba kupalasa mchenga kulowera kwawo, akukonza m'mutu mawu okauza akazi awo: chithunzi chatsika, denga lidakalipo, wapambana ndani?

Nyumba yawo anaipitirira. Anabwerera atazindikira mtengo wa mango. Dzuwa linkathwanima pamalata abuluu mpaka maso kuwawa. Udzu uja unali mulu pambali pa khola, mbuzi zitakwerapo, wina anansi atatapa kale kukafolera makola a nkhuku. Pamakwerero awo omwe, nyundo ili m'manja, misomali ili pakamwa, panali Hamweemba akumalizitsa mzere womaliza. Apa mpamene Bo Imasiku anamvetsa chifukwa chake Mtongayo anabwera madzulo aja ndi nzeru yokoma chonchija, komanso kuti anamutuma ndi akazi awo omwe. Anadikira chipongwe, chifukwa chipongwe chikanakhala chopepuka. Hamweemba analavula misomali m'dzanja, n'kupereka moni waulemu ngati kwa mlendo.

Amake Sibeso anatuluka, kugwada, kulandira katundu. Sanapepese ndipo sananyade.

"Apongozi a Sibeso akubwera mwezi wa mawa. Ndatopa kukhala chithunzi, abambo."

Bo Imasiku anapita pamulu paja, kusolola udzu pang'ono, n'kuuluma. Unali ukadali wabwino. Ukanatha zaka zina khumi.

Mvula yoyamba inagwa masana a tsiku lina Lachinayi, onse awiri ali m'nyumba. Phokoso lake linali ngati ng'oma khumi zikuimbidwa pamutu, moti amake Sibeso analankhula kawiri konse osamveka. Kenaka pakati penipeni pa chipinda, pamene wokonza njinga uja anakhoma msomali mokhota, panagwa dontho. Linagwanso lina. Mayiwo anayang'ana amuna awo, amunawo akuyang'ana kumwamba, dzanja lili patsaya osadziwa n'komwe. Mayiwo anadzuka mwakachetechete, kupita kuseri kwa chitseko, n'kubwera nalo beseni lija.

Mvula itakata, m'beseni munali madzi okwana kapu imodzi. Bo Imasiku anawayang'ana, n'kulikankhira beseni kwa akazi awo ndi chala cha kuphazi.

"Kaitaneni Mtonga wanu uja," anatero. "Awa si anga. Sindimwa."